Tsiku limene ndinawayatsira hita apongozi

Ine ndinakulira ku Ndirande, kumene mkamwini ndi apongozi ake aakazi amatha kukhala pa sofa imodzi n'kumalimbirana rimoti. Ndiye nditakwatira kuno kwa Nkando, n'kumanga nyumba pamalo a kwawo kwa mkazi wanga, zinanditengera nthawi kuzolowera zoti mayi amene anandiberekera mkazi sindiyenera kuwayang'ana kumaso, kudya nawo pamodzi, kapena kulankhula nawo mwachindunji. Tikakumana m'kanjira ka kudimba, iwo ankapatukira m'munda wa chinangwa, ine n'kupatukira mbali inayo, njira n'kutsala yopanda munthu. Akafuna kuti ndiwakonzere denga la khitchini, ankauza mkazi wanga mokweza mawu ine ndili pomwepo, mkazi wanga n'kutembenuka kundiuza zomwe ndamva kale.

Poyamba zinkandinyansa. Ndine wa mtima wapachala, ndinayendetsa minibasi zaka zambiri pakati pa Limbe ndi Muloza, ndipo pakamwa panga panazolowera kukuwa. Koma m'kupita kwa nthawi ndinaona kuti anzanga a m'tauni amakhalira kukangana ndi apongozi awo, pamene ine ndi anga sitinasemphanepo mawu ngakhale kamodzi. Tikanasemphana bwanji mawu oti sitinkapatsana? Ndinafika pounyadira mwambowo kuposa eni ake.

Apongozi angawo anabadwira ku Mozambique. Analowa m'dziko muno nthawi ya nkhondo ali ndi mwana kumbuyo, ndipo pothawapo anasiyana ndi mng'ono wawo. Iwo anathamangira kumtsinje, mng'ono wawoyo analowera kuphiri, ndipo zaka zonsezi ankamuwerengera kwa akufa. Kenaka mayi wina wa m'mudzi mwathu, amene amaoda zitenje ndi nsomba zouma kutsidya kwa malire, anakumana kumeneko ndi mayi wachikulire amene ankafunsa aliyense wochokera ku Malawi za mkulu wake. Anatchula mudzi wawo wakale, dzina la bambo awo, ndi chala chakumanzere chimene chinapsa ndi phala ali ana. Chinali chala cha apongozi anga.

Mauthenga anayenda pa foni ya mayi wageniyo mpaka anapangana. Mng'ono wawoyo ankakhala kutali, mkati mwenimweni mwa dzikolo, ndipo analibe mapepala olowera kuno. Koma akanatha kukwera lole ya amalonda imene imafika pamsika wa pamalire ku Muloza m'mawa n'kubwerera dzuwa likapendeka. Mpata wawo unali womwewo, kuyambira pamene lole yatsitsa katundu mpaka pamene yapakira wina.

Mkazi wanga anali m'chikuta, mwana wathu wachitatu mchombo usanagwe, ndiye sakanatuluka m'nyumba. Mlamu wanga, mchimwene wake wa mkazi wanga, amagwira ntchito kufakitale ya tiyi ndipo anamukaniza tchuthi. Mayi wageni uja anali atatsogola kale kukadikira lole. Woti awaperekeze apongozi ndinatsala ine ndi galimoto yanga.

Ndi saluni yakale, ndinaigula nditasiya minibasi, ndipo ndimanyamulira nandolo ndi odwala a m'mudzi. Inabwera ndi matenda awiri: magalasi a zitseko zakumbuyo sankatsika, ndipo hutala sinkalira. Hutalayo inadzachira yokha, kapena ndi mmene ndinkaganizira. M'miyezi yozizira, nthawi ya chiperoni, mlamu wanga anabwereka galimotoyo kuti akanyamulire akwati paukwati wa mnzake, ndipo pobweza hutala inali ikulira ngati yatsopano. Sindinafunse kuti yauka bwanji. Ndinangoyamba kuimba paliponse, kwa akabaza, kwa mbuzi, ngakhale kwa anthu amene apatuka kale.

Tsiku la ulendo linali la mu Okutobala, lija loti dzuwa likangotuluka limayambiratu kuwawa. Ndinatsuka galimoto, ndinayang'ana oyilo, ndinayang'ana madzi mu radiyeta, zonse zinali bwino. Apongozi anatuluka atavala chitenje chawo cha kutchalitchi ndi duku watsopano, atanyamula dengu. M'dengumo munali msoti wakuda, womangidwa miyendo ndi luzi. Mkazi wanga, ali pakhomo pa chipinda, anawafunsa chifukwa chake sanatenge ufa kapena shuga.

"Ufa akadya utha," anatero apongozi. "Uyu mayi ake amaswa mazira onse, sasiya ndi limodzi lomwe. Akakaswa kumeneko, mng'ono wanga azikati izi ndi nkhuku za achemwali anga a ku Malawi. Kaya tidzaonananso kaya ayi, azikandiona pabwalo pake."

Anakhala mpando wakumbuyo, kuseri kwanga kwenikweni, dengu analiika pansi pakati pa mapazi awo. Ine ndinapotoza kagalasi koonera kumbuyo kuti kayang'ane kudenga. Tinakhala choncho kanthawi, injini ikulira, aliyense akudikira. Panalibe wotipatsira mawu. Kenaka ndinamva apongozi akukonza kukhosi.

"Iwe nkhuku, uwauze oyendetsawa kuti ife takhazikika."

Ndinatsala pang'ono kuseka. Ndinamenya chiwongolero pang'ono n'kunena kuti, "Tiye galimoto iwe, akuluakulu akhazikika."

Tinayenda motero. Iwo akafuna kunena kanthu ankauza nkhuku, ine n'kuyankha kwa galimoto. Nkhuku inauzidwa kuti msewu wa masiku ano ndi wosalala, galimoto inauzidwa kuti isafulumire pa mabampu. Mumtima ndinkati ulendo uwu ndidzaufotokoza kwa anzanga mpaka adzatopa nane.

Vuto linayambira pa Chitakale. Panali piringupiringu wa masiku onse, maminibasi ataima pakati pa msewu, akabaza, azimayi a nanazi ndi nthochi, ndipo tinkayenda ngati tikukankhidwa. Nditaponya diso pa geji yoonetsa kutentha kwa injini, ndinaona kamuvi kadutsa pakati, kakukwera. Titangotuluka m'chipwirikiticho msewu n'kutseguka, kamuvi kanatsika kubwerera pamalo pake.

Aliyense amene anadyerapo chiwongolero amadziwa tanthauzo la zimenezo. Injini ikamatentha paliponse, pothamanga ndi poima pomwe, umaganizira madzi kuti atha, kapena pampu, kapena radiyeta kuti yatsekeka m'kati. Koma ikamatentha poyenda pang'onopang'ono n'kumazizira ukathamanga, ndiye kuti ikungodalira mphepo ya pamsewu, fani yake sikuzungulira. Ndinadziwa zimenezi pomwepo. Filing'i siteshoni inali pafupi, ndikanakhota n'kutsegula boneti.

Sindinakhote. Kuima kukanafuna kuti ndifotokoze, ndipo nkhani ya fani sindinaone kuti ndingaiyambe bwanji kudzera mwa nkhuku. Komanso pa siteji ya pa Chitakale aliyense amandidziwa. Ndinawaona m'maganizo madalaivala anzanga akale atazungulira galimoto, wina akusuzumira kumbuyo n'kufunsa mokuwa kuti kodi lero mwatenga apongozi, wina akuti galimoto yaopa apongozi mpaka yatuluka thukuta. Apongozi akanayenera kutsika n'kuima padzuwa pakati pa anthu apakamwa ngati amenewo. Ndinadziuza kuti ndikuwateteza iwo, koma amene ndinkamuteteza ndinali ine.

Ndiye ndinachita zimene tinkachita pa minibasi pokwera zitunda galimoto itadzaza. Ndinayatsa hita mpaka kumapeto. Hita imatenga kutentha m'madzi omwewo a injini n'kukuponyera m'kati mwa galimoto, ndiye injini imapumako, anthu ndiwo amapsa. Pa minibasi tinkangouza okwera kuti atsegule mawindo, wodandaula atsike. Ndinatsitsa galasi langa lonse, ndinatulutsa chigongono kunja, mphepo n'kumandiwomba bwinobwino. Zoti magalasi akumbuyo satsika ndinkadziwa. Chimene sindinachiganizire n'choti m'galimoto imeneyi mpweya wina wa hita umadutsa pansi pa mpando wa dalaivala n'kukatulukira kumapazi a munthu wakumbuyo, pamene panali dengu.

Tinalowa m'minda ya tiyi, phiri lili kumanzere kwathu, lotuwa ndi utsi wa m'chilimwe. Kamuvi kanakhazikika. Ndinayamba kudzitama mumtima kuti ukadaulo sutha.

"Iwe nkhuku," anatero apongozi patapita nthawi, "dzuwa la chaka chino ndi lina."

"Tiye galimoto, tatsala pang'ono," ndinayankha.

Tinapeza thirakitala ya ku esiteti ikukoka ngolo, ndipo ndinaitsatira mtunda ndithu ndisanapeze poidutsa. Kamuvi kanakweranso, n'kutsika monyinyirika. Kenaka mawu anabwera otsika kwambiri.

"Nanga ukuyasamulanji kukamwa choncho? Pirira, mwana wanga. Ukukaona kwanu kwatsopano."

Ndinamva. Sindinganame kuti mphepo inandilanda mawuwo. Dzanja langa linapita pa batani la hita, linakhala pamenepo, n'kubwerera pa chiwongolero. Ndinaganiza kuti nkhuku zimatero kukatentha, ndipo Muloza sanali patalinso.

Titadutsa kamlatho kena ndinaona masamba ataikidwa pamsewu, chizindikiro cha maliro. Patsogolo pang'ono anthu anali atadzaza msewu wonse, akupita kumanda, azibambo atanyamula bokosi, azimayi akuimba pambuyo. Maliro sawadutsa, ndipo sawaimbira hutala. Ndinavula chipewa, ndinaika giya yoyamba, n'kuyamba kuwatsatira pa liwiro la mapazi awo. Mphepo yoziziritsa injini inatheratu. Ndinkayang'ana kamuvi kakukwera, kakudutsa pamene kanafika pa Chitakale, kakulowa pofiira. Ndinamva fungo la madzi otentha ndi dzimbiri, kenaka kubwata pansi pa boneti ngati mphika wa nyemba. Nthunzi inatuluka m'mbali mwa boneti, azimayi akumapeto kwa mzere anacheuka. Ndinakhotera pambali, m'mphepete mwa munda wa tiyi, n'kuzimitsa injini. Nyimbo ya maliro inapitirira mpaka inazimiririka, ndipo tinatsala awiri ndi nkhuku.

Apongozi anatsika okha, chitseko cha mbali ya kumunda. Ndinawaona ndi ngodya ya diso. Bulauzi yawo inali itamatirira kumsana, duku atanyowa mpaka m'mphepete. Anatulutsa dengu, anakhala pansi pa mtengo wa m'mbali mwa msewu, n'kuyamba kuikupiza nkhuku ndi nsonga ya chitenje.

"Ukanapeza timadzi, nkhuku iwe," anatero.

M'buti ndinali ndi chigubu cha madzi. Ndinathirako ena m'chitini, ndinakachiika pansi pakati pa galimoto ndi mtengo, n'kubwerera osayang'ana. Ndinamva mapazi awo akubwera kudzatenga.

Injini yowira saithamangira. Ukatsegula chivindikiro cha radiyeta nthawi yomweyo madzi amakuthira kumaso, ndipo ukathira madzi ozizira mu injini yamoto umaing'alula. Ndinatsegula boneti n'kuyamba kuyang'ana zina podikira. Ndinagwada kusuzumira pansi ngati pali podontha, panali madzi okhawo amene anasefukira. Mapayipi onse anali athunthu. Lamba anali wolimba. Kumaso kwa radiyeta kunalibe udzu kapena jumbo yotseka mphepo. Chimene ndinkaopa kwambiri chinali gasiketi, chifukwa ikapsa madzi amasakanikirana ndi oyilo, ndiye ulendo ukanathera pomwepo. Ndinasolola kachitsulo koyezera oyilo. Oyilo anali wakuda bwinobwino, sanasanduke ngati tiyi wamkaka. Fani ndinaizunguza ndi chala, inazungulira mosavuta, kusonyeza kuti sinagwire. Inkangosowa magetsi.

Itafika nthawi yotsegula chivindikiro, ndinafunafuna kansanza kanga. Ndinali nditakayanika pa mpanda kunyumba nditatsuka galimoto. M'buti munalibe thumba, munalibe kalikonse. Ndinayang'ana dzuwa, linali litadutsa pamutu. Ndinavula shati. Mkati ndinalibe vesiti, ndipo mimba yanga si yoonetsa anthu. Mwamuna wamkulu, bambo wa ana atatu, kuima chifuwa pamtunda pamaso pa apongozi, pamsewu waukulu. Nditacheuka pang'ono ndinaona kuti iwo atembenuka kale, akuyang'ana kuphiri ngati kuli china chatsopano. Makutu anga anatentha kuposa radiyeta ija.

Ndinakulunga shati pa chivindikiro, ndinapotoza pang'ono kuti mpweya uyambe watuluka, kenaka ndinatsegula. Ndinaliza injini n'kumathira madzi pang'onopang'ono mpaka anadzaza. Ndinadikira kuti fani iyambe. Kamuvi kanafika pakati, kanapitirira, fani ili duu. Ndinazimitsanso.

Ndinatsegula kabokosi ka mafyuzi pafupi ndi batire. Fyuzi ya fani inali yamoyo. Koma pambali pake, pamene pamakhala rile, kachipangizo kakuda kamene kamatsegulira magetsi opita ku fani injini ikatentha, panali bowo lokhalokha. Ndinayang'ana bowolo, ndinayang'ana mzere wonse. Pamalo a rile ya hutala, pamene panali pululu kuyambira tsiku limene ndinagula galimotoyo, panali rile itakhala bwinobwino.

Ndinaimbira mlamu wanga. Anayankha makina a kufakitale akulira kumbuyo kwake.

"Alamu, paukwati paja munagwira chiyani m'kabokosi ka mafyuzi?"

"Aa, alamu, ndinaiwala kukuuzanitu. Galimoto ya akwati yopanda hutala anthu akanatiseka. Ndiye makaniko wina anachotsa kenakake n'kuika pa hutala. Anati kunja kukuzizira, fani ilibe ntchito kwenikweni, mudzagula kena. Bwanji, yavuta?"

Mawu anadzaza m'kamwa mwanga, aja a pa siteji. Koma kutukwana kwa pa siteji kumayambira kwa mayi ake a munthu, ndipo mayi ake a munthuyu anali atakhala pansi pa mtengo, pafupi pomwepo, atanyowa thukuta chifukwa cha ine. Ndinameza zonse.

"Ayi, palibe. Gwirani ntchito, alamu."

Ndinazula rile pa hutala n'kuibwezera pa fani. Ndinaliza injini. Posakhalitsa fani inayamba kulira, mphepo yake n'kundiwomba pamimba, kamuvi kakutsika ndikuona. Ntchito yonse inali imeneyo, yogwira ndi zala ziwiri. Ndikanaima pa Chitakale, tikanachoka madalaivala aja asanamalize n'komwe kuseka. Ndipo miyezi yonseyi ndinkayenda ndikuimbira mbuzi hutala ndi rile ya fani yanga.

Ndinatseka boneti, ndinakonza kukhosi kuti ndiuze galimoto kuti tiyeni. Ndisanatsegule pakamwa ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

"Bambo."

Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna bambo amene akuitanidwayo. Pamsewu panalibe munthu.

"Bambo, ndikunena inu. Bwerani ndi mpeni. Izingeni isanafe yokha."

Amenewo ndiwo anali mawu oyamba amene apongozi anga anandiuza ine mwini chikwatirire mwana wawo. Ndinatenga kampeni kodulira mapayipi m'bokosi la masipanala n'kupita pamtengo paja, wopanda shati, manja akuda ndi oyilo. Msoti unali pamiyendo pawo, mapiko atatambasuka, khosi litagwa, diso likutsekeka ndi kutseguka. Nkhuku yofa yokha sadya, ndipo sungampatse munthu. Iwo anagwira mapiko ndi miyendo, ine ndinagwira mutu. Sinaphiriphithe n'komwe. Magazi anatuluka ochepa, n'kulowa m'dothi la m'ngalande ya tiyi.

Pamenepo ndi pamene ndinaona nkhope yawo pafupi koyamba. Ndinaona kuti mphuno ya mwana wanga wakhanda uja ndi yawo. Ndinaonanso chala chopsa chija chitagwira phiko.

"Mphepo yotentha ija yotuluka pansi pa mpando," anatero akuyang'ana nkhuku, koma akufunsa ine, "ndi mmene zimakhalira galimoto zonse?"

Anandipatsa khomo lothawira, ndipo ndikanangoti eya sakanadziwa.

"Ayi, mayi. Ndinayatsa ndine. Ndimafuna injini izizire."

Anapukuta chala chawo pa udzu.

"Ndiye yazizira?"

"Yazizira, mayi."

"Valani malaya tizipita."

Shatiyo inali ndi chizindikiro chozungulira cha dzimbiri pamsana, koma ndinavala. Iwo anathyola masamba a nthochi m'mbali mwa msewu, anakulunga nkhuku, anaibwezera m'dengu.

Tinafika ku Muloza dzuwa litapendeka kale. Msika unali utadzaza njinga zonyamula matumba, ndipo ndinasindikiza hutala mwachizolowezi, osamva kanthu. Ndinatulutsa mutu pawindo n'kuyamba kukuwa ngati kondakitala kuti anthu apatuke. Mayi wageni uja anationa, anabwera akuthamanga, akuloza lole imene anthu anali akumangirira kale katundu pamwamba. Anati mng'ono wa apongozi wakhala pa tayala la loleyo kuyambira m'mawa, wakana ngakhale kukagula chakudya kuopa kuti angasemphane.

Ndinkaganiza kuti adzakuwa ndi kugwetsana pansi. Sanatero. Mayi wamng'ono thupi, woonda, anaimirira pa tayala paja. Anayang'anana. Iye anatenga dzanja lamanzere la apongozi, analitembenuza, anayang'ana chala. Kenaka onse awiri anakhala pansi pafumbi, mitu itagundana, akulira motsitsa. Ankalankhula Chilomwe chothamanga chimene ine ndimangotolapo mawu amodziamodzi. Ndinamva akutchula mayi awo, ndinamva akutchula mtsinje. Dalaivala wa lole anali atayamba kale kuliza injini.

Ndinaima patali, pafupi ndi galimoto yanga. Apongozi anakankhira dengu kwa mng'ono wawo. Iye anatsegula masamba a nthochi, anayang'ana, anafunsa kanthu. Apongozi anayankha m'Chichewa, mokweza, kuti ndimve.

"Ndinakutengera wamoyo, woti ukawete. Koma ukalambawu, ndinaufunditsa nsalu yambiri m'dengumo, ndiye unabanika. Akamwini angawa ndiwo achita changu kuuzinga usanafe wokha. Ukadye lero lomwe, usagone."

Mng'ono wawo uja anatembenukira kwa ine, anagwada bwino, n'kuwomba m'manja.

"Obrigada, zikomo bambo. Mulungu akudalitseni. Mwandibweretsera achemwali anga."

Ndikanakonda akanandimenya mbama. Ndinawomba m'manja nanenso, ndinang'ung'udza kenakake, n'kuthawira mumsika. Ndinathamanga mzere ndi mzere kufunsa nkhuku yamoyo. Ogulitsa nkhuku ambiri anali atapita. Wina anali ndi atambala okhaokha, wina za chizungu zoyera zija zosadziwa kufungatira. Kumapeto kwenikweni kwa msika ndinapeza bambo wina akumangirira khola lake panjinga, ali ndi msoti umodzi wofiira. Sindinanenerere n'komwe. Ndinaunyamula n'kuthamanga nawo, ukukuwa m'khwapa mwanga.

Pamene panali lole panali mafuta odontha ndi makoko a nzimbe. Apongozi anali ataima okha, dengu lopanda kanthu m'manja, akuyang'ana kutsidya kwa mlatho wa pamalire. Nthawi imene anakhala ndi mng'ono wawo siikanakwana ngakhale kuphika ndiwo. Ndinaima kumbuyo kwawo ndi nkhuku yanga yofiira, wefuwefu, osadziwa kuti ndiiike pati. Anatembenuka, anaiyang'ana, anatambasula manja osandiyang'ana ine. Ndinawapatsa.

Pobwerera anaiika pamiyendo, osati pansi. Kamuvi sikanasunthe njira yonse, ndipo fani ndinkaimva ikuyamba ndi kusiya pa nthawi yake. Tinadutsa pamtengo paja, tinadutsa pa Chitakale. Ndinkadikira kuti mwina andiitananso kuti bambo, andikalipire, anene chilichonse. Titayandikira kwa Nkando anakonza kukhosi.

"Iwe nkhuku yachilendo, uwauze oyendetsawa kuti mwana wanga ali m'chikuta, mtima wake usavutike. Msoti wakuda uja mng'ono wanga walandira wamoyo. Iweyo watipatsa ndi iyeyo, wachokera ku Mozambique. Wamva?"

Ndinangogwedeza mutu, podziwa kuti akuona kumbuyo kwa mutu wanga.

Mkazi wanga anailandira nkhukuyo ndi manja awiri, misozi ili m'maso. Kuyambira tsiku lotsatira apongozi anayambiranso kupatukira m'chinangwa tikakumana, ndipo sanandilankhulenso mwachindunji. Mvula ya chaka chotsatira isanagwe, mayi wageni uja anabwera ndi uthenga woti mng'ono wawo uja wamwalira. Sanaonanenso.

Msoti wofiira uja unaswa, ana ake anaswanso. Lero pabwalo pathu padzaza nkhuku zofiira, ndipo mkazi wanga salola kuti ndi imodzi yomwe igulitsidwe. Alendo akabwera amawalozera n'kuwauza kuti izi ndi nkhuku za mayi aang'ono a ku Mozambique, ndipo kwawo kumeneko kulinso zakuda za kuno. Apongozi akakhala pakhonde pawo amangomva, osawonjezerapo kanthu. Nkhukuzo zimakonda mthunzi wa pansi pa galimoto yanga. Ndisanalize injini ndimagwada n'kuziingitsa ndi manja imodziimodzi, chifukwa rile ya hutala sindinagulebe.